Makiyi a Abambo

"Ukangodutsa mlatho ukhotere kumanja," anatero amayi ali kumpando wakumbuyo. "Uchepetse liwiro, pali dzenje pamenepo."

Dzenjelo linalipodi. Injiniya analizemba n'kuyang'ana mlongo wake amene anakhala pambali pake, koma uja anali pa foni, kuuza mwamuna wake kuti abwerera mawa. Dzina la Injiniya anamupatsa ndi malemu bambo ake tsiku limene anaphwasula wailesi ya m'nyumba ali mwana n'kulephera kuibwezeretsa. Anakula n'kukhala wokonza mafiriji mumzinda wakutali, ndipo dzinalo linamukanirira.

Maliro anali atatha. Achibale anali atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa, m'nyumba mutatsala fungo la maluwa ofota ndi funso limodzi limene aliyense ankalilambalala: amayi akhala ndi ndani? Mlongo wake anali woyembekezera, ndipo ankakhala mopanikizana ndi apongozi m'kanyumba ka lendi. Injiniya anali ndi shopu, makasitomala osadziwa kudikira, komanso mtima wofuna kuthawa m'nyumba imene chilichonse chinkamukumbutsa munthu amene sanatsanzikane naye. Choncho anagamula kuti amayi akhale pakhomo pawo, apezeredwe munthu wodzachapa ndi kusesa, ana azidzawazonda pa tchuthi. Maso awo anali ofooka, inde, koma si ankaphika okha, kupinda zovala okha, kupeza ngakhale singano m'kabati? Mlongo wake anamuuza kuti akuthamangira kusamba m'manja. Iye anayankha kuti ngati zikumupweteka awatenge iyeyo. Kuyambira pamenepo ankangopatsana moni.

Amayi sanatsutse. Anapempha chinthu chimodzi chokha: asanachoke, awaperekeze kumunda wa ziboliboli kunja kwa tauni, kumene bambo ankawatengera Loweruka lililonse chipumireni pa ntchito yoyendetsa galimoto ya mtokoma. Ana ankaziseka zimenezi pa foni. Nkhalamba ziwiri kukagwa m'chikondi ndi miyala!

Ataimika galimoto, Injiniya anafuna chikwama m'thumba la jekete, dzanja n'kugunda mpukutu wa makiyi a bambo. Anali atawakulunga mumpango kuti asamusokosere. Malemuwo zaka zawo zomaliza ankawamangirira pa lamba, chimulu cha makiyi, ena a maloko amene anatayika kalekale, ndipo anayamba kuyenda mopendekeka ngati munthu wolasidwa ndi minga, makiyi ali ngwe ngwe ngwe pa ntchafu. Ana anawatcha mlonda wa ndende. Iwo ankangoseka, ati mwamuna wopanda phokoso amaiwalika.

Mlongo wake analipira pa zenera la pageti n'kunena kuti miyendo yatupa, akhala kaye pamthunzi, awapeza. Anamasula mkono wa amayi pa wake. Masiku onse a maliro namfedwayu sanayendepo yekha: panali nthawi zonse wina womugwira mkono, ndipo palibe amene anaziganizira kawiri.

Injiniya anatsogola. Kanjira ka timiyala kankakhotakhota pakati pa mitengo, uku kuli mbalame yachitsulo yotambasula mapiko a dzimbiri, uko kuli mutu wamwala waukulu kuposa firiji ya m'golosale. Amayi ankabwera pambuyo pake bwinobwino. Koma pamene kanjira kanathera pa kapinga, mapazi ake n'kusiya kumveka, anacheuka n'kuona ataima chilili, chikwama atachikumbatira pamtima. Anaganiza kuti ndi chisoni, ndipo anawasiya apume. Atawaitana anabwera molunjika kumene kunachokera mawu ake, n'kugunda bondo pa benchi imene inali poonekeratu.

"Ayisuntha," anatero akudzisisita. "Siinali pano."

"Muziyang'ana pansi, amayi."

Amayi anapapasa msana wa benchi, anatembenukira kumene dzuwa linkawawomba pa tsaya, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka nsapato yawo inakhudza nsanja ya simenti. Apo nkhope yawo inamasuka koyamba chimwalirireni bambo.

"Uyu ndiye mnzanga," anatero. "Tamuone mmene wamuberekera mwanayo, mutu wapendekera kumanzere, wagona. Mayiyo watopa koma sakufuna kuti anthu adziwe. Abambo ako ankati mphunoyo anaibera kwa azakhali ako."

Anaseka pang'ono, akuyang'ana m'mwamba pamene panayenera kukhala nkhope ya chibolibolicho.

Pa nsanjapo panalibe kanthu. Panali zitsulo zinayi zomangira, masamba ouma, ndi kachikwangwani konena kuti chibolibolicho achisamutsira kumunsi, pafupi ndi dziwe. Injiniya anayang'ana simentiyo, anayang'ana amayi ake. Anakweza dzanja n'kuligwedeza patsogolo pa magalasi awo. Maso aja sanaphethire.

Amayi anatambasula mkono kuti agwire phazi la mnzawoyo monga mwa chizolowezi. Dzanja linapita, linapita, n'kugwira mphepo. Linakhala m'malere kanthawi, kenako linabwerera lokha pa chikwama.

"Chinayamba liti?" anafunsa Injiniya.

Onse awiri anakhala pa benchi ija ndipo amayi anafotokoza mosabisa, ngati akunena za munthu wina. Mdima unabwera pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali, mpaka unatseka pakati. Madokotala anayesa zawo n'kugwa mphwayi. Iwo ndi amene anawaletsa bambo kuuza ana, chifukwa sankafuna kunyamulidwa ngati katundu, mwezi uno kwa uyu, mwezi wamawa kwa uyo. Sankafunanso kugwidwa dzanja pamsewu anthu akuona. M'nyumba munalibe vuto: bambo ankabwezera chilichonse pamalo pake, mpaka supuni. Panja ndiye panali nkhondo. Tsiku lina bambo anatulukira ndi makiyi pa lamba n'kunena kuti, mayi, inu muzingotsata phokosoli.

"Kuno ndi kumene tinkaphunzirira," anatero. "Kulibe magalimoto, ndipo munthu ukamapapasa mwala anthu amati ukuukonda. Akaima, makiyi amasiya kulira, nane ndimaima. Akawagwedeza kawiri, pali sitepe. Ndiye amandiuza zonse zimene akuona, zina zabodza kuti ndiseke."

"Ndiye mumati mukhala bwanji nokha m'nyumba muja?"

"Ndikanakhala. Kungoti sindikanatulukanso."

Ananena mopanda dandaulo, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri. Injiniya anachita manyazi, manyazi enieni otentha kumaso. Anakumbukira mmene ankawatsanzira bambo ake pa Khirisimasi, kupendekeka uku ndi uku pabalaza, adzukulu a oyandikana nawo akugubuduka ndi phwete, bambo nawonso akuseka nawo, amayi ali chete.

Mlongo wake anawapeza ali choncho. Anayang'ana nsanja yopanda kanthu, anayang'ana mchimwene wake akupukuta m'maso ndi chikhatho, ndipo amayi atabwereza nkhaniyo mwachidule, mlongoyo anakhala pansi pa kapinga n'kulira mosadzigwira. Atatonthola anayamba kunena kuti akambirana ndi apongozi, mwina pabalaza pangathe kulowa bedi.

"Ayi, chemwali," anatero Injiniya. "Kumeneko akakhala mlendo wa khoma lililonse. Nyumba yawo amaidziwa. Ndibwera ndine."

"Nanga shopu, achimwene?"

"Mafiriji amafa kulikonse."

Ankadziwa kuti sizophweka choncho. Makasitomala amene anawasonkhanitsa kwa zaka zambiri adzapita kwa ena, ndipo kuno adzayambira pansi ngati mnyamata wongomaliza kumene maphunziro. Mantha anali nawo. Amayi anati asadzipanikize chifukwa cha iwo, koma sananene mwamphamvu, ndipo dzanja lawo linali litapeza kale bondo lake.

Anatulutsa mpango uja m'thumba n'kuumasula. Makiyi atangolira, amayi anadzidzimuka n'kuwongoka msana. Iye anaimirira, anawakoleka pa lamba, n'kuwauza amayi kuti mnzawo uja sanathawe, angomusamutsira kudziwe, ndipo apita kukamuona.

Anayenda pang'ono pa kapinga. Makiyi anangoti zii, atagona pa ntchafu. Atacheuka anapeza amayi ataimirira koma osasuntha, khutu atalitchera kwa iye.

"Ukuyenda mowongoka kwambiri," anatero. "Sangalire choncho. Abambo ako analibe vuto la mwendo, iwe."

Injiniya anatsitsa phewa lakumanja, anaponya mwendo mopendekeka monga ankachitira pabalaza paja, ndipo makiyi anayankha, ngwe, ngwe, ngwe. Anthu awiri amene ankajambulitsa pa mbalame yachitsulo anatembenuka kumuyang'ana, mmodzi akubisa kuseka. Iye sanawasamale. Kumbuyo kwake anamva nsapato za amayi zikubwera pa udzu, osagwidwa ndi munthu. Pamene kapinga anathera pa sitepe yotsikira kudziwe, anaima, nagwedeza makiyi kawiri.