Mathithi Atafika pa Mkuyu

Kuseri kwa nyumba yathu kumadutsa kamtsinje kochokera m'phiri. Pamalo pena madzi amadumpha pamwala wathyathyathya n'kugwera pansi, kutalika kwake ngati munthu wamkulu ataimirira. Ife timati pamathithi, ngakhale alendo amaseka akawaona. Chakumtunda pang'ono panali mkuyu umene achimwene anamangapo chingwe cha katungwe ine ndili wamng'ono.

Tsiku lomwe achimwene ankapita kukayamba ntchito yowotcherera zitsulo kutauni, ndinawapeza pansi pa mkuyuwo akutsuka nsapato. Ine kulankhula kumandivuta, n'chifukwa chake amanditchula Chete.

"Mubwera liti?" ndinafunsa.

"Iwe Chete, sindinanyamuke n'komwe, wayamba kale kundiitana?" Anaseka, n'kuloza ndi burashi. "Mathithi awa akadzafika pa mkuyu pano, udzandiona ndikutsika basi."

Ndinaseka nawo kuti asaone misozi imene inali italengeza m'maso.

Teremu yotsatira aphunzitsi a jogalafe anajambula mathithi pabolodi. Anati madzi akamagwa amakumba dothi lofewa lomwe lili pansi pa mwala wolimba, mwalawo umatsala lende, kenako umathyoka, ndiye mathithi amasunthira kumtunda. Anati zigwa zakuya za m'mapiri zinakumbika choncho, mathithi akuyenda chafutambuyo, kudya phiri pang'onopang'ono.

"Alipo ali ndi funso?"

Ndinali nalo. Ndinkafuna kudziwa kuti amayenda mwachangu bwanji, koma dzanja linakana kukwera.

Nditaweruka ndinavula nsapato n'kulowa kuseri kwa madzi ogwawo. Zinalidi zoona. Pansi pa mwala panali mphako ya dothi lofiira losakanikirana ndi timiyala, lofewa moti ndinalikanda ndi zala. M'mawa mwake ndinatenga chitsulo chokumbira maenje chomwe achimwene anasiya kuseri kwa chitseko.

Sindine mwana, ndili kusekondale. Ndinkadziwa ndithu kuti munthu sabwera chifukwa choti mwala wagwa. Koma amayi amaweruka mochedwa ku ntchito yawo yochapa zovala, ndipo m'nyumba mumangoti zii, mpando wa achimwene uli potero. Kumphako kuja phokoso la madzi linali lalikulu, palibe akanayembekezera kuti ndilankhule. Ndinkakumba, dothi n'kumapita ndi madzi, mtima n'kumakhalako m'malo.

"Yunifomu yanyowanso?" anatero amayi tsiku lina akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kodi ndinabereka mwana kapena chule?"

"Ndinaterereka."

"Umaterereka tsiku ndi tsiku? Miyendo yakoyo tikaibweze kumene tinaigula."

Mvula itayamba, chidutswa choyamba cha mwala chinathyoka ine ndili m'kalasi. Ndinachipeza chili gada m'dziwe, madzi akudumphira pamalo patsopano. Ndinakondwa ndekhandekha, popanda womuuza. Koma kuseri kwa mwalawo kunalibe mwala wina wolimba, kunali dothi lokhalokha. Kuyambira pamenepo mtsinje sunafunenso thandizo langa. Mvula iliyonse unkameza gombe, mpaka mizu ya mkuyu inayamba kuonekera, ili lendelende ngati tsitsi losapesa.

Apa m'pamene mantha anandigwira. Ndinali ndisanaganizepo kuti mathithi akafika pa mkuyu, mkuyuwo udzaima pati. Ndinabweza chitsulo kuseri kwa chitseko n'kuyamba kututa miyala, kuiunjika pansi pa mizu. Madzi ankaichotsa ngati akuseka.

Loweruka lina m'mawa, mvula itagwa yamphamvu, tinapeza mkuyu utagona chopingasa mtsinje. Chingwe cha katungwe chinkavinavina m'madzi. Pamene panali tsinde, madzi ankadumpha.

Amayi anagwira pakamwa. "Mtengo wonsewu! Ndinaupeza uli pomwepa ndikubwera kudzakwatiwa."

"Mundibwerekeko foni," ndinatero.

Anandiyang'ana modabwa, chifukwa sindinayambe ndapemphapo foni. Anandipatsa osafunsa.

Inaitana nthawi yaitali. Achimwene atayankha, kumbuyo kwawo kunkamveka makina odulira zitsulo.

"Achimwene, ndine. Mathithi afika pa mkuyu."

"Ati chiyani? Kweza mawu, Chete, kuno kuli phokoso!"

"Mathithi aja. Afika pa mkuyu. Wagwa."

"Mkuyu wagwa? Eee! Sunapweteke munthu?"

"Ayi."

"Basi, mwapeza nkhuni za chaka chonse. Uwauze amayi asalole aneba azingodula mwaulere. Sukulu ikuyenda?"

"Ikuyenda."

Ndinadikira. Ndinkamva kupuma kwawo, ndi munthu wina akuwaitana chapatali.

"Pali chinanso, mlongo wanga? Abwana akundiyang'ana ndi diso loipa."

"Palibe."

"Chabwino, ndiimbanso. Uzidya, wamva?"

Ndinabweza foni. Amayi anafunsa zomwe anena, ndinati apereka moni.

Masana aneba anabwera ndi nkhwangwa zawo, amayi sanawaletse. Ine ndinayenda pathunthu mpaka panthambi ya katungwe ija n'kuyesa kumasula chingwe. Mfundo ya achimwene inali italowa m'khungwa, ndiye ndinachita kudula ndi mpeni. Ndinachikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko, pamwamba pa chitsulo chija.

Mathithi anapitirira pamene panali mkuyu, akukwerabe kulowera kuphiri. Masiku ano amamvekera m'chipinda mwanga ngakhale nditatseka zenera. Basi ikaima kumsewu ndimasiya kulemba, n'kumvetsera.