Khonde pa Nyumba ya Matayala

Mayi wa ku khonsolo anatsika m'galimoto atatseka kale mphuno ndi mpango. Felista anakondwa kuona zimenezo. Kwa miyezi inayi anakhala akulemba makalata ndi kuimba mafoni, kudandaula za paipi ya zonyansa imene inaphulika kuseri kwa nyumba yawo ku Tipton, ku Mangalande. Lero munthu wa boma ankadzimvera yekha fungolo.

"Ndi apa, mayi," anatero Felista m'Chingerezi, akuloza madzi akuda amene ankayenderera pakhomo pake.

Koma mwini malowo anali atafika kale. Anali mzungu wamimba, woyenda ndi galu komanso mulu wa makiyi m'chiuno.

"Paipiyo tikonza, musavutike," anatero akumwetulira. "Koma poti mwabwera, taonani kaye chimene anthu awa amanga pamalo anga."

Analoza khonde.

Nyumba ya Felista inali ya mtundu uja wopangiratu ku fakitale, yobwera pa lole m'zigawo ziwiri n'kudzalumikizidwa pamalo. Akuluakulu ankati nyumba zoterezi zichuluke chifukwa anthu ofuna pogona anali ambiri. Felista, namwino pa chipatala china cha boma ku Birmingham, ndi mwamuna wake Rapson anali atatopa ndi fulati ya chipinda chimodzi ku Aston, mmene nkhungu inkamera mpaka pa nsapato za mwana wawo Amara. Mu 2005 anagula nyumbayo. Nyumba inali yawo, koma nthaka inali ya wamimba uja, ndipo kwa munthu wokulira ku Malawi zimenezi sizilowa m'mutu msanga.

Vuto linayamba tsiku la mapemphero otsegulira nyumba. A mpingo anabwera ambiri kuchokera ku Kings Heath. Mayi Esnath, mkazi wa mkulu wa mpingo, amene maso awo sadutsa kanthu, anawerama n'kusuzumira kunsi kwa nyumba.

"Kodi Felista, nyumba yanuyi ili ndi matayala? Ndiye mukayambana ndi ma neighbour mungoimangirira ku galimoto, ulendo wa ku Coventry?"

"Tiyeni tipemphere msanga, abale, isanayambe kuyenda," anawonjezera amuna awo, a Overtone.

Anthu anaseka mpaka misozi. Chonyansa chake n'chakuti onse osekawo ankagona m'nyumba za lendi, ena mabanja awiri bafa imodzi, ndipo ankaseka nyama ya Felista ili m'kamwa.

Rapson sanaseke. Asanatsatire mkazi wake ku Mangalande anali mmisiri womanga nyumba ku Ndirande, ndipo kwa iye nyumba yopanda maziko ndi msasa basi. Loweruka lotsatira anagula njerwa zofiira ndi simenti. Anakumba maziko, anamanga khonde lalikulu n'kulilumikiza ku khoma la nyumba, pansi n'kupaka polishi wofiira ngati kwathu. Matayala anawamasula n'kuwaponya kuseri.

Ann, mayi wamasiye wachizungu wa nyumba yoyandikana nayo, anamuchenjeza kuti afunse kaye.

"Munthu n'kupempha chilolezo chomanga khonde pa nyumba yake?" anatero Rapson, n'kupitiriza kuponda matope.

Mwini malo ankadutsa Loweruka lililonse ndi galu wake. Ankaima, kuyang'ana, n'kuyamikira kuti ntchito yake ndi yaukhondo. Sanaletse ngakhale kamodzi. Ankangosunga nkhaniyo mumtima, kudikira tsiku limene idzamuthandize.

Tsikulo linali lero. Mayi wa ku khonsolo anazungulira khondelo, anagogoda njerwa ndi cholembera, anasuzumira kunsi kwa nyumba. Kenako anafotokoza pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi ana. Lamulo limati nyumba iliyonse pamalo otere ikhale yoti itha kunyamulidwa n'kusamutsidwa. Khonde la maziko laimangirira pansi. Akapanda kuligumula pasanathe masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, mwini malo ali ndi mpata wopita kukhoti kukapempha kuti achotsedwe pamalopo.

"Nanga zonyansazi?" anafunsa Felista.

"Mwini maloyu timulembera kalata."

"Ife mwatipatsa masiku, iye kalata? Mwana wanga amadumpha manyi popita kusukulu. Ine ndimaponda zimenezi n'kukagwira odwala."

"Ndikumvetsa, koma si ine ndinapanga malamulowa," anatero mayiyo. Anadumpha chithaphwicho mosamala kuti asadetse nsapato, n'kulowa m'galimoto.

Mwini malo anagwedeza makiyi ake. "Zikakuvutani, nyumbayi nditha kukugulani ineyo," anatero, n'kukoka galu wake.

Ann anayandikira ku mpanda n'kuuza Felista motsitsa mawu kuti amatero munthuyo. Wogula aliyense ayenera kuvomerezedwa ndi iye, ndiye amawaopseza onse mpaka mwini nyumba atatopa n'kumugulitsa iyeyo pa mtengo wa nkhuku. Mabanja atatu anachoka chotero.

Rapson anabwera kuchokera ku ntchito masana. Anamva nkhani yonse ataima pa khonde lake, manja m'thumba.

"Sindigumula," anatero. "Ma weekend seveni ndakhala ndikumanga ichi. Ndipo inu, mayi a Amara, ndani anakutumani kukaitana a council? Walira mvula walira matope."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo a Amara. Mumafuna ndikhale chete mpaka mwana adwale?"

"Tikapeza solicitor atiimire pa mlandu."

"Akanene chiyani? Agreement ya malo ano munasayina nokha osawerenga. Munthuyo ndi khoswe wa pa mkhate, sapheka. Tikamuponya mwala tiswa nyumba yathu yomwe."

Rapson anakhala pansi n'kusisita simenti yofiira ija ndi chikhatho. "Ndiye matayala aja abwererenso? A Overtone akadzabwera adzati chiyani?"

Apa m'pamene Felista anapsa mtima zenizeni.

"A Overtone? Iwo aja amagona pamwamba pa shopu ya chips, jekete lawo la ku church limanunkha mafuta mpaka pa guwa. Ndi amene akutilamula m'nyumba muno? Ine ndagwira ma shift zaka sikisi, kutawasa nkhalamba za eni, kuti mwana wanga akhale ndi chipinda chake. Ku Aston sindibwerera chifukwa cha pakamwa pa Esnath. Sankhani, khonde kapena nyumba."

Rapson anangokhala pomwepo, ntchentche zochokera m'chithaphwi zikumutera m'miyendo.

Loweruka m'mawa anatulutsa nyundo ndi tchizulo. Sanaphwanye mwaukali. Ankachotsa njerwa imodziimodzi n'kuipala simenti, chifukwa mmisiri sataya njerwa. Mwini malo anadutsa ndi galu wake, anaima pang'ono, koma ulendo uno sanayamikire kanthu. Nkhope yake inagwa poona kuti nyumbayo yamupulumuka.

Felista anayang'ana mulu wa njerwa, anayang'ana madzi akuda aja. Kenako anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kunyamula. Anaziyala ziwiriziwiri pamwamba pa zonyansazo, popanda simenti, kuyambira pa chitseko mpaka pa msewu. Zotsala anaziyala mpaka pakhomo pa Ann, amene anali atatha mwezi akutulukira khomo lakuseri.

Madzulo, Rapson ali chagada kunsi kwa nyumba kubwezeretsa matayala, foni inalira. Anali Mayi Esnath.

"Felista, tamva kuti mwamanga khonde lokongola. Amayi agwirizana kuti meeting ya Lachinayi tidzachitire kwanu, tidzakhale pamenepo."

Felista anasuzumira pa zenera. Madzi akuda ankadutsabe pakati pa njerwa zofiira za mwamuna wake, ndipo kalata ya ku khonsolo inali isanafike.

"Bwerani, mayi," anatero. "Khondelo mudzalipeza kuyambira pa msewu. Koma mudzaponde bwino."