Goloboyi Wachitatu

Apongozi anafika sabata yomwe Ulimbo ankanyamuka kupita kukampu ya timu ya dziko. Bambo ndi mwana anangoonana tsiku limodzi. M'mawa mwake Ulimbo anakoleka chikwama paphewa, n'kugwira dzanja la bambo ake ndi manja awiri, kenako anakokera mkazi wake pambali.

"Uwasamale. Munthu uyu sadandaula, ndiye uziwayang'ana pankhope."

Mkaziyo anthu ankamutchula kuti Nagolo. Dzinali anamupatsa ndi amayi a pampopi atamva kuti wakwatiwa ndi goloboyi, ndipo linamukanirira ngati mmene la Ulimbo linakaniririra mwamuna wake kuyambira kusukulu, poti mpira ukagwera m'manja mwake sunkachokamo. Koma Nagolo za mpira sankazidziwa, ndiponso analibe nazo ntchito. Iye anali telala. Makina ake ankakhala pakhonde, pafupi ndi zenera la pabalaza, ndipo mwezi umenewo anali ndi mulu wa mayunifolomu a ana asukulu.

Chimene chinabweretsa apongozi chinali maso. Ng'ala inali itaphimba onse awiri, moti ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Adokotala anati awachita opaleshoni, koma ayambe adikira kuti shuga atsike. Munthu amene anakalambira pachiwongolero cha basi, woona mbuzi ikadali kutsidya kwa mlatho, tsopano ankasowa pamene pali kapu yake.

Masiku oyamba m'nyumbamo munali ulemu wokhawokha. "Mwadzuka bwanji, bambo?" "Ndadzuka, mayi, kaya inu." Madzi osamba, tiyi wopanda shuga, mankhwala. "Zikomo, mayi." Nkhani n'kuthera pomwepo. Apongozi ankakhala pampando wa pakona atafungatira kawailesi kawo kosupuka utoto, Nagolo ali pamakina panja, aliyense akuopa kusowetsa mnzake mtendere.

Mpikisanowo unali wa mayiko, ndipo unkachitikira kutali kokwera ndege. Matimu anawagawa m'magulu a anayianayi. Timu iliyonse inkasewera katatu, ndipo awiri apamwamba pagulu ndi amene ankapitirira ku ndime ya chipulula. Ulimbo anali goloboyi wachitatu. Anali atapitako kale ku mipikisano yotere, koma ankangotenthetsa benchi n'kubwerako. Tsopano msinkhu unali utapita, bondo lamanzere linkamuvuta kukazizira, ndipo aliyense ankadziwa kuti ulendo uno ndi wotsiriza.

Tsiku la masewero oyamba, Nagolo anayatsa kanema pabalaza mongolemekeza mlendo, n'kubwerera pamakina ake. Sanasoke nthawi yaitali pamene anamva mawu pazenera.

"Mayi, pepani. Ntchito yachuluka?"

"Ayi, bambo. Ndikupatseni madzi?"

"Madzi ayi. Wailesiyi ikunena zonse, amene wamenya, amene wagwa, ngakhale mtundu wa nsapato za woyimbira. Koma za anthu a pabenchi siikunena. Ndimati mwina pakanemapo akumuonetsa."

Nagolo analowa ndi kamalaya ndi singano m'manja, n'kukhala m'mphepete mwenimweni mwa sofa ngati nyumbayo si yake. Anadikira. Anthu ankangothamanga uku ndi uku, iye osaona mutu wake. Kenako kanema anadutsa pabenchi mwachangu.

"Awaonetsa, bambo. Akhala kumapeto."

"Wavala chiyani?"

"Jekete lakuda. Kolala yake mbali imodzi yapindikira mkati."

Apongozi anaseka, kuseka koyamba chifikireni m'nyumbamo. "Telala ndi telala ndithu. Nanga nkhope?"

"Akuluma chala."

"Chachikulu cha kumanja?"

"Chomwecho."

"Ndiye kuti mtima uli m'mwamba. Anayamba ali kamwana, tsiku limene ndinamusiya pageti pa sukulu."

Masewerowo anathera kufanana mphamvu, chigoli chimodzi uku, chimodzi uku. Koma asanathe, Nagolo anali atafunsa chifukwa chimene bambo wa m'mphepete uja ankangokwezera kambendera. Apongozi anapapasa patebulo, n'kundandalika kapu, supuni ndi botolo la mankhwala, n'kumufotokozera za ofusayidi mpaka supuni inagwa pansi. Anamuuzanso kuti nawonso anali goloboyi wa timu ya kudepoti ya mabasi.

"Munasiyiranji?"

"Sindinasiye, anandisiyitsa. Tsiku lina anandimwetsa zisanu ndi ziwiri, makondakitala n'kundilanda magolovesi pabwalo pomwepo. Anati bola aikepo tayala."

Masewero achiwiri anali owawa. Timu inamwa zigoli ziwiri chigawo choyamba chisanathe, ndipo kanema ankangoonetsa anthu a dziko linalo akuvina. Pabenchi sanapiteko. Apongozi anafunsa koyamba, n'kufunsanso, ulendo wachitatu anangotembenuzira nkhope kwa Nagolo. Nkhope imeneyo ndi imene inamugonjetsa.

"Awo, awaonetsa," anatero. "Aimirira. Akukuwa, akulangiza anzawo ndi manja."

Apongozi anasisita kawailesi ndi chala.

"Mayi, mwana ameneyo ndi wanga. Kukuwa sadziwa. Ngakhale nyumba itamapsa, angabwere kudzakunong'onezani."

Nagolo anayang'ana pansi ngati kuti mkuluyo akumuona.

"Sanawaonetse, bambo. Pepani."

"Palibe chopepesa. Munasoka bwino, kungoti ulusi unaonekera. Mukapanda kumuona muzingoti sindinamuone. Kudikira ndinakuzolowera pasiteji."

Chakumapeto kwa masewerowo goloboyi woyamba anawombana ndi mnzake podumphira mpira, n'kutuluka pamachira atagwira phewa. Analowa wachiwiri. Madzulo ake apongozi chakudya anangochitola pang'ono.

Kuyambira pamenepo mpando wa pakona unasamukira pakhonde. Apongozi anati manja awo si akhungu, ndiye Nagolo ankawapatsa timalaya kuti azitembenuza ndi kudula ulusi wotsalira. Ankamuuza za misewu, za mabasi ofera pachitunda, za malemu akazi awo amene ankabisa mpira wa Ulimbo mu uvuni kuti mwana awerenge. Nagolo naye anapezeka akuwauza zinthu zimene sankaganiza kuti angauze mpongozi: kuti mwamuna wake akabwera ku maulendo amenewa amakhala masiku osalankhula, akungopukuta magolovesi oyera kale.

"Mumatani ndiye?"

"Ndimangomusiya."

"Mumachita bwino. Mayi ake ankamukakamiza kulankhula, iye n'kumakakhala padenga."

Amuna odutsa mumsewu ankaima pampanda n'kumawerengetsa mapointi mokweza, aliyense ndi masamu ake. Koma pomaliza onse ankagwirizana chimodzi: masewero achitatu timu iyenera kupambana basi. Kufanana mphamvu kunali kulongedza zikwama.

Tsikulo Nagolo anavundikira makina dzuwa likadali pamutu. Msewu wonse unali zii, ngakhale wogulitsa makala sanadutse. Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Chachiwiri chitangoyamba, kamnyamata ka kutsogolo kothamanga ngati kaba kanthu kanalowa pakati pa anthu awiri n'kuuponya muukonde. Nyumba zonse za mumzerewo zinaphulika nthawi imodzi. Wina ankamenya chidebe, agalu n'kumauwa. Apongozi ankangogwedeza mutu akumwetulira.

"Nthawi ikadalipo yambiri," anatero. "Basi siifika isanafike."

Ananena zoona. Anthu a dziko linalo anabwera ngati njuchi. Mmodzi anathyola pakati n'kutsala yekha ndi goloboyi wachiwiri, ndipo goloboyiyo anatuluka n'kumukolopola miyendo. Woyimbira analoza pakadontho koyera ka penate, kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa khadi yofiira.

Kanema anapita pabenchi, ndipo ulendo uno sanachokepo msanga. Ulimbo anali akuvula jekete. Mphunzitsi wa timu anamugwira m'khosi n'kumamuuza zinthu kukhutu. Wailesi ndi imene inatchula dzinalo, kawiri, muulutsi akuchita kulikoka.

Apongozi anapapasa kabatani n'kuzimitsa wailesi.

"Izi ndimve kwa inu, mayi."

Nagolo anasendera pafupi nawo. "Akumanga magolovesi ndi mano. Akulowa. Sakuthamanga, akungoyenda."

"Bondo?"

"Sakutsimphina. Afika pagolo. Agwira mtengo wa kumanja, agwira wa kumanzere. Aima pakati. Winayo waika mpira pansi. Ndi wamtali, bambo, ali ndi ndevu. Akubwerera m'mbuyo."

"Mwana wanga akuyang'ana kuti?"

"Pamiyendo pa winayo."

"Eya. Asamuyang'ane kumaso, maso amanama."

Wandevuyo anathamanga n'kumenya. Ulimbo anauluka chakumanzere, thupi lonse m'malere, dzanja litatambasuka mpaka kumapeto kwake. Mpira unakhudza nsonga za zala, unapatuka pang'ono, n'kumenya mtengo chamkati, n'kugubuduzikira muukonde.

Msewu unangoti zii. Nagolo anadziwa kuti mkuluyo wamva kale kuchokera ku chete ameneyo, komabe ananena.

"Walowa, bambo. Anaukhudza, koma walowa."

"Anagwera mbali yolondola?"

"Yolondola."

"Wadzuka?"

"Adzuka. Autola okha muukonde. Akuwombera anzawo m'manja kuti abwerere pakati."

"Chabwino. Tiyeni nazoni."

Zimene zinatsatira Nagolo sanaziiwale. Timu inali yoperewera munthu mmodzi, ndipo mpira unkangobwerera kwa Ulimbo ngati wamuzindikira. Wina anaumenya chapansi, iye anaugonera. Wina wamutu Ulimbo anaukankhira pamwamba pa golo. Wina unamumenya pachifuwa ali chigonere, n'kuukumbatira anthu atatu atamuunjikira. Nagolo anali ataimirira osadziwa kuti waima liti, akulankhula mosapumira, mayina a osewera osawadziwa, akungoti wandevu uja, wadazi uja, wa malaya otuluka uja. Ulemu wa "awo" ndi "iwo" unali utathawa. "Wagwira, bambo, wagwiranso! Wadzuka, akukuwa!"

"Akukuwa?"

"Ulendo uno ndi zoona. Mitsempha ya m'khosi ili panja."

Apongozi anaseka misozi ikutsika m'maso oyerawo.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, timu inapeza kona. Nagolo anaona kanthu kachilendo m'munsi mwa kanema.

"Bambo, wasiya golo. Akuthamangira kutsogolo."

"Ndi bondo limenelo?"

"Akutsimphina tsopano, koma akupita."

Mpira unabwera m'mwamba, mitu yambiri inadumpha, ndipo pamwamba pa yonse panali wa Ulimbo. Anaumenya ndi chipumi. Unadutsa pamwamba pa golo, malo ongokwana chikhatho. Woyimbira anaimba wezulo yomaliza Ulimbo akadali chogwada pa udzu wa golo la eni ake. Timu inatuluka mumpikisano.

Apa m'pamene Nagolo anazindikira kuti dzanja la apongozi lamugwira pamkono, ndipo lakhala pamenepo nthawi yaitali, moti zala zinasiya mizere. Nawonso anazindikira nthawi yomweyo, n'kulichotsa msanga.

"Pepani, mayi. Ndadziiwala."

Nagolo anakhala pansi pafupi nawo, n'kutenga dzanjalo, n'kulibwezera pamene linali. Anakhala choncho mpaka kanema anayamba kuonetsa zotsatsa malonda a sopo.

Foni inalira dzuwa litangolowa. Nagolo anaiika m'manja mwa apongozi n'kuwathandiza kuifikitsa kukhutu. Mawu a Ulimbo ankamveka osasa, kumbuyo kukumveka madzi a m'bafa ndi zitseko zachitsulo.

"Ababa, ndinaukhudza."

"Ndamva."

"Ndikanangotsogoza phazi pang'ono…"

"Ukanatsogoza phazi akanamenyera kwinako. Iwe, ndinamwapo zisanu ndi ziwiri ine, usandiuze za chimodzi. Bondo lili bwanji?"

"Latupa."

"Uikepo ayezi, usachite manyazi ndi anyamatawo. Ndipo ukabwera udzandiuze amene anakuphunzitsa kukuwa, chifukwa kwathu kulibe zimenezo."

Kumbali inayo kunamveka kaphokoso kosadziwika ngati n'kuseka kapena kulira. Apongozi anamvetsera pang'ono, kenako anatambasula dzanja kupereka foni.

"Lankhula ndi mkazi wako. Wagwira ntchito lero kuposa iwe."

Anaimirira, n'kutenga ndodo yawo. Nagolo anafuna kuwatsogolera koma anamukaniza ndi dzanja. Anatuluka okha pang'onopang'ono, n'kukoka chitseko kumbuyo kwawo. Posakhalitsa anamveka pampanda akuitana bambo a nyumba yoyandikana nayo, n'kuyamba kutsutsana nawo za khadi yofiira ija mokweza kwambiri, mokweza kuposa mmene nkhaniyo inkafunikira.

Nagolo anakhala pasofa, n'kupinda miyendo, foni ili kukhutu.

"Iwe," anatero chapansipansi. "Ndinakuona."

Ulimbo ankangopuma, ndipo Nagolo anamusiya apume.