Halidoni ya Amayi

Kwathu wailesi iliyonse ndi halidoni. Kaya ndi yaikulu ya pashelefu, kaya ndi kakang'ono kolowa m'thumba la malaya, kaya ndi ya m'galimoto, ife timangoti halidoni basi. Ine ndinakwanitsa zaka makumi awiri ndisakudziwa kuti limeneli linali dzina la kampani chabe. Tsiku loyamba pantchito, m'sitolo ya mafoni ndi zamagetsi momwe ndili mpaka pano, kunalowa bambo wina, ine mano onse panja: "Takulandirani bwana, mukufuna halidoni ya mabatire kapena ya magetsi?" Munthu uja anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Mnzanga wa pakauntala anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Zinandinyansa. Ndinati, "Nanga inu mankhwala onse otsukira mano simumati kolugeti? Sopo waufa yense simumati safu? Chodabwitsa n'chiyani pamenepa?" Koma manyazi okha ndinachita nawo, sindingakunamizeni.

Olakwa ndi bambo anga. Kwa zaka zoposa makumi atatu ankakonza mawailesi pakona ya msewu wathu, ndipo anthu anawapatsa dzina loti a Mawaya. Pomwe ankayamba ntchitoyo, tiwailesi tambiri tomwe tinkabwera tinali ta Halidoni. Tsono aliyense wobwera ndi wailesi yake, ngakhale ya mtundu wina, ankangoti, "A Mawaya, halidoni yanga yasiya kuyankhula." Dzinalo linakakamira msewu wonse. Kampaniyo inatsekedwa ine ndisanabadwe, koma ana a oyandikana nafe mpaka lero akamamvera nkhani pafoni amati atsegula halidoni.

Halidoni yeniyeni mumsewu monsemo inatsala imodzi, ya amayi anga. Bambo anawagulira chaka chomwe anakwatirana. Ndi yofiirira, chogwirira chake ndi chachikopa, ndipo kutsogolo kuli zilembo zachitsulo zotukuka zomwe amayi amaziwerenga ndi chala. Ndikuti ndi chala chifukwa matenda a shuga anawalanda maso zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Kuyambira pamenepo wailesiyo ndiye wotchi yawo, nyuzipepala yawo, mnzawo wocheza naye bambo akatuluka. Mlendo aliyense amayenera kumva za iyo, afune asafune. "Zaka makumi anayi, sinafepo! Ikangotsokomola, bambo a kunowa amaigoneka patebulo tsiku limodzi, mawa lake yadzuka."

Lachiwiri lina m'mawa ndinangoona bambo atulukira m'sitolo mwathu. Ndinadabwa, chifukwa munthu ameneyu sabwerako kuntchito kwanga. Amati timagulitsa zinthu zopanga kuti zife msanga. Anaima pakauntala atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, manja onse m'matumba.

"Mzime," anatero, poti ndine womaliza kubadwa, "halidoni ya amayi ako yafa. Lero ndi tsiku lachitatu."

"Nanga a Mawaya si inu? Mwabwera kudzandiuza ine kuti nditani?"

Sanaseke. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatulutsa dzanja lamanja n'kuliika pagalasi la kauntala. Mphete yawo inayamba kugogoda galasilo yokha, ngwe-ngwe-ngwe, osaleka. Analigwira ndi lamanzere kuti likhale bata, koma lamanzerelo nalonso linali paulendo womwewo.

Mayo ine! Lamlungu lililonse ndimapita kunyumba, ndipo sindinaone kanthu. Akakana tiyi ndinkati ndi ukalamba. Atatseka malo awo a pakona paja anati mafoni awalanda makasitomala, ine n'kukhulupirira. Ndinadzida ndekha tsiku limenelo, ndipo ndinawakwiyiranso iwo.

"Kuchipatala munapitako?"

"Ndinapita. Anandipatsa timapiritsi. Akuti sizitha, zimangochepa." Anabweza manja aja m'matumba. "Amayi ako asadziwe. Wamva? Amene uja maso ake ndi ine. Akamva kuti nanenso ndayamba kutha, azidalira ndani?"

Ndinafuna kuwatsutsa, koma anali atayamba kale kuyang'ana pashelefu ya mawailesi. Analoza kena kakang'ono kakuda, kopotokola ndi dzanja, n'kuti ndikatsitse. Anandiuza kuti ndikatembenuze, ndikayese ndi chikhatho, ndiwauze ngati kakuposa zala zanga. Kenako anatsitsa mawu ngati munthu woulula tchimo.

"M'kati mwa Halidoni muja mulibe Halidoni. Zenizeni zinapsa iwe ukuyamwa. Ndasinthamo kanayi. Ndimagula ina, ndichotse zam'kati, ndiike m'bokosi lakelo."

Ndinaseka mpaka mnzanga uja kusuzumira. Zaka zonsezi tikukakamizidwa kutamanda wailesi yosafa, chonsecho ndi chibokosi chabe! Bambo anandiyang'anitsitsa mpaka kuseka kunandithera pakhosi.

"Ndikufuna manja ako," anatero. "Mutu ndili nawo."

Pamenepo pali nkhani ina. Bambo ntchito yawo anaphunzitsa achimwene anga, omwe lero amayendetsa magalimoto akuluakulu kutali ndipo ngakhale babu ikapsa amaitana munthu. Ine ndili mwana ndinkaima pakhomo la kachipinda kawo kogwirira ntchito, maso ali tong'o, koma yankho linali limodzi: "Chokapo apa, upsa, pita ukathandize amayi ako." Zinkandipweteka, ndipo chilondacho chinali chisanapole. Ndinawauza choncho pomwepo, pakauntala. Anangoti, "Ndinalakwa," n'kufunsa ngati Lachinayi ndingapemphe tchuthi. Mawu amodzi okhawo, ine zonse zomwe ndinasunga zaka makumi awiri kuti ndidzanene zinabalalika.

Lachinayi linali tsiku la amayi lopita kuchipatala kukayezetsa shuga, ndipo azakhali ndiwo amawaperekeza. Amanyamuka eyiti koloko, kubwerako cha m'ma thu. Atangokhota pakona, ine ndi bambo tinalowa m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Zonse zinali momwe ndinkazionera ndili pakhomo kale lija: tebulo lodzaza zipsera, zitini za mkaka zosungiramo tizikuluwu, galasi lokulitsira zinthu lomangidwa ndi waya, ndi mpando wamiyendo itatu womwe sindinaukhalepo chibadwire. Bambo anaukankha ndi phazi kuti ndikhalepo, iwo n'kukhala pachidebe chovundikira.

Nditatsegula kumbuyo kwa Halidoni ija ndinaona ntchito yawo yonse: mabowo akale otsekedwa ndi guluu, timatabwa tochirikiza, mawaya opindidwa mwaukhondo ngati zovala za mlendo. Tinaphwasula kawailesi katsopano kaja. Kenako chitsulo chowotcherera chinatentha, fungo la mtovu n'kudzaza m'chipinda, ndipo sukulu inayamba.

"Usagwire ngati mpeni, gwira ngati cholembera. Tenthetsa waya kaye, mtovu ubwere pambuyo. Wachulutsa! Ukumanga nyumba kapena?"

"Bambo, ndayamba lero. Mukadandiphunzitsa kale bwenzi pano mukugona."

"Khala chete, wofiira apite kumanzere. Kumanzere, Mzime! Kusukulu munkaphunzira chiyani?"

Ndinadziwotcha chala chamkombaphala ndipo ndinanena mawu omwe sanenedwa pamaso pa kholo. Bambo anachita ngati sanamve. Koma titafika pa waya wa sipika, kadontho kanga ka mtovu kanayenderera n'kugwira malo awiri. Iwo anaiwala. Anadzambatuka n'kulanda chitsulo chija m'manja mwanga monga ankachitira ndi achimwene. Nsonga yake inavina m'mwamba, inakhudza m'mphepete mwa bokosi, kautsi n'kutuluka, chitsulo n'kugwera pansi. Tonse tinangochiyang'ana chili pasimenti. Anabwerera pachidebe paja n'kukhalira manja awo onse awiri.

Ndinachitola, ndinachipukuta, n'kufunsa ngati kuti palibe chomwe chachitika, "Ndiye kadontho aka timakachotsa bwanji?" Atayankha, mawu awo anali ofewa, ndipo anandifotokozera bwinobwino mpaka ndinakachotsa.

Chovuta kwambiri chinali ulusi woyendetsa muvi wa masiteshoni. Amayi siteshoni yawo saisaka ndi khutu lokha. Pagalasi pali kadontho kouma ka guluu komwe bambo anaika, ndipo muvi, womwe mutu wake umatulukira panja pang'ono, ukafika pakadonthopo chala chawo chimadziwa kuti afika. Tsono zam'kati zatsopano zimayenera kumangidwa kuti siteshoniyo igwere pomwepo, osati patsogolo, osati pambuyo. Tinamasula n'kumanganso katatu. Kachitatuko ndinapotokola pang'onopang'ono, muvi unafika pakadontho, ndipo munthu wowerenga nkhani za wani koloko anayankhula momveka ngati ali m'chipinda momwemo. Bambo anati, "Eyaa," basi, koma ine ndinamva ngati andiveka mendulo.

Amayi atabwera tinali titakhala pabalaza ngati anthu osalakwa. Azakhali anawasiya pampando wawo n'kuthamangira basi.

"Mzime, uli kuno? Lachinayi? Akuchotsa ntchito?"

"Ndangobwera kudzakuonani."

"Hmm."

Bambo anandikodola ndi mutu, ine n'kuika wailesi ija pamiyendo pa amayi. "Yadzuka, mayi," anatero iwo mokweza. "Kanali kachifuwa chabe."

Nkhope ya amayi inawala. Anasisita chogwirira, anayendetsa chala pazilembo zija, n'kutsegula. Nyimbo inalira. Anapotokola kupita uku, kubwerera uku, mpaka chala chinapeza kadontho kake. Anamvetsera pang'ono. Kenako anatsitsa mawu mpaka kungotsala kunong'ona.

"Wakonza ndani?"

"Aa, funso lanji limenelo?" anatero bambo. "M'nyumba muno muli amisiri angati?"

"Zaka makumi anayi, inu mukakonza, chopotokolera ichi mumachimanga ngati mukumanga ng'ombe. Sabata yathunthu ndimalimbana nacho ndi zala zitatu. Lero chikuyenda ndi chala chimodzi. Ndafunsa, wakonza ndani?"

Ine ndinayang'ana pansi. Zikuluwu zonse ndinamanga ndine, ndipo bambo sanathe kuyesa ndi dzanja lawo kuti amve. Palibe mwa ife amene anaganizirako zimenezo.

"Zosintha zam'kati musavutike kundibisira," amayi anapitiriza. "Yachitatu ija inkalira ngati mbuzi, ndinangokhala chete. Chomwe mwaikamo inu, kwa ine ndi Halidoni, ndilibe nazo kanthu. Koma lero simunaikemo inu."

"Wakonza ndi mwana wanuyu," bambo anatero. "Ine ndimangomuuza. Wachita bwino kwambiri."

"Chifukwa?"

Panja munthu wogulitsa matsache ankadutsa akuitanira. Ndinafuna kuwathandiza bambo ndi kabodza kena, koti maso awo atopa kapena anafuna kundiphunzitsa, koma amayi anali atatembenukira komwe kunali mwamuna wawo.

"Mwezi wachisanu uno," anatero, "tikamayenda mumandipatsa chigongono. Kale munkandigwira dzanja. Madzi akumwa mumangoika patebulo n'kuti ali apo. Mankhwala a m'maso munati azindithira achemwali anu. Ine ndinati kaya, munthu watopa. Kusamala wakhungu zaka zisanu ndi chimodzi si masewera. Ndimafuna ndimuuze Mzime andipezere kokhala kuti mupumeko."

"Mayi!" Bambo anaimirira. "Kutopa? Ine kutopa nanu?"

"Nanga ndikanaganiza chiyani? Ine sindiona. Ndimangomva zomwe mwasiya kuchita."

Ndinalira, sindibisa, ndipo ndinalira monyansa, mamina ndi misozi pamodzi. Bambo anayenda masitepe atatu omwe anali pakati pawo n'kugwada patsogolo pa mpando uja, mawondo akulira. Manja anali akadali m'matumba a jekete. Anayamba kufotokoza za adokotala, za mapiritsi, kuti si zoopsa kwenikweni, kuti anaopa kuwadetsa nkhawa, mawu ambirimbiri osatha.

"Mzime, tenga halidoniyi uike patebulo," anatero amayi. Nditaichotsa, anatambasula zikhatho zawo pamiyendo. "Inu, zolongololazo zikwane. Bweretsani kuno."

Bambo anatulutsa manja aja n'kuwaika m'manja mwa amayi. Ankanjenjemera kwambiri kuposa tsiku la kusitolo lija, mpaka zibangili za amayi zinayamba kulira. Amayi anawapapasa chala chimodzichimodzi, kuyambira chachikulu mpaka chaching'ono, dzanja ili kenako linalo. Sanadzidzimuke. Anawafumbata n'kuwakokera pachifuwa pawo.

"Ndi zimenezi basi?" anatero. "Miyezi isanu ndakhala ndikulira ndekha chifukwa cha zimenezi? Azinjenjemera pompano, ndiziwamva."