Mimba ya Ramalha

Graciete anali kupaka mafuta a azitona nyanga za Ramalha pamene anazindikira kuti ng'ombeyo yasiya kubzikula. Inkangopondaponda, n'kumatembenuza mutu kuyang'ana m'nthiti mwake. Anaika dzanja kumanzere kwa mimba. Panali potupa, polimba ngati ng'oma.

"Bambo, tabwerani mudzagwire apa."

A Albano sanayandikire n'komwe. Anapitiriza kupukuta belu lamkuwa.

"Yakhuta basi. Ng'ombe ya pachionetsero izioneka yodzaza, osati nthiti mbwee ngati mpanda."

Linali tsiku la chionetsero cha ng'ombe m'tauni yawo ya kumapiri, kumpoto kwa Portugal. Chiyambire nthawi ya agogo a Graciete, ng'ombe za banjali zinkalowa m'bwalo zitagwiridwa ndi mwamuna. Chaka chino dzina lolembedwa linali la Graciete, wazaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, chifukwa mchimwene wake anapita ku France monga achinyamata ena ambiri a m'chigwacho. Ramalha anailera yekha kuyambira ili kamwana koyamwa m'botolo.

"Mwaipatsa chiyani m'mawa muja ndili kolembetsa?"

"Zomwe agogo ako ankapatsa zawo."

Graciete ankaudziwa mwambowo. Akale ankadula msipu wanthete, mame akadali, n'kupatsa ng'ombe kadzanja kamodzi kuti mimba ifufume pamaso pa oweruza. Kadzanja kamodzi basi. Koma thumba lomwe linali kuseri kwa ngolo linali lopanda kanthu, ndipo silinali thumba laling'ono.

"Lonse lija, Bambo?"

"Usandikweze mawu pagulu, iwe."

Ndiye anthu ena amadziwa nthawi yofikira! A Delfim, omwe akhala akulimbirana riboni ndi a Albano zaka makumi atatu, anatulukira atagwira kapu ya vinyo.

"Albano, ng'ombe yakoyi ili ndi pakati pa mapasa kapena yameza mbiya? Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Pita ukaone mafupa akowo, Delfim. Akugwa ndi mphepo uko."

Chinkuzamawu chinaitana achinyamata kuti alowe ndi ng'ombe zazikazi. Nambala khumi ndi zinayi inali yomwe Graciete anamata pachifuwa.

"Ndikukaitana adokotala," anatero.

A Albano anamugwira mkono, n'kutsitsa mawu. "Wapenga? Akangoigwira adziwa. Atichotsa, atilemba, ndipo Delfim adzaiimba nkhaniyi mpaka kumanda kwanga. Mphindi zisanu zokha, mwanawe. Zungulira kawiri, tenga riboni, kenako itana amene ukufuna."

"Ikagwa m'bwalomo?"

"Sigwa. Ndaweta ng'ombe iwe usanabadwe."

Graciete anamvera, poti anali bambo ake. Anakoka chingwe. Ramalha inayenda masitepe asanu ndi limodzi, belu likulira, kenako inaima pachipata penipeni. Inatang'aza miyendo yakutsogolo, kutulutsa lilime, thovu likuchucha. Inabuula mosonyeza kuti mpweya ukuithera. Oweruza atatu anali kumuyang'ana. Kumbuyo, anzake ankakuwa kuti asunthe.

"Ikoke!" anakuwa a Albano. "Graciete, ikoke!"

Graciete anachita mantha, komanso anakwiya kwambiri. Anamatula nambala ija n'kuitaya pansi.

"Adokotala! Mayi Ondina, thamangani, ng'ombe ikufa!"

Mayi Ondina, dokotala wa ziweto, anadumpha mpanda ndi chikwama chawo. Anagogoda mimbayo kamodzi, osafunsa kanthu. Anatulutsa chitsulo chosongoka n'kubaya kumanzere. Mpweya unatuluka ndi mluzu, fungo lake anthu mpaka kugwira mphuno. Pang'ono ndi pang'ono mimba inaphwa. Ramalha inakweza mutu.

"Mukanazungulira kawiri, bwenzi pano tikuitana wopha nyama," anatero Mayi Ondina akupukuta manja. "Wachita izi ndani? Dzina lili papepala ndi lako, mtsikana. Ukudziwa kuti ndi zaka ziwiri osalowa m'bwalo?"

Anthu anali atazungulira, a Delfim patsogolo.

A Albano anavula chipewa. "Mwanayu musamulembe. Ndine. Iye anali kolembetsa."

Palibe anaseka, ngakhale a Delfim. Riboni inapita kwa mdzukulu wa a Delfim.

Masana, atakweza Ramalha m'ngolo, bambo ndi mwana anakhala m'galimoto osailiza. Buledi wachimanga ndi nyama yofutsa zomwe anatenga zinali zosakhudzidwa.

"Ndimafuna uwine," anatero a Albano, maso ali pachiwongolero. "Ndimati ukalawa riboni, za ku France sudzaziganiza. Ukapita iwe, ng'ombezi ndigulitsa."

"Ndiye mumati mundimange ndi ng'ombe yakufa?"

A Albano anapukusa mutu.

"Sindikupita kulikonse, Bambo. Koma kuyambira lero palibe wopatsa ng'ombe zija ngakhale kaudzu kamodzi ine ndisanalole. Ndipatseni kiyi wa kukhola."

A Albano anapisa m'thumba, n'kuyamba kuchotsa kiyiyo pamphete ya makiyi. Zala zawo zinkakanika, koma Graciete sanawathandize. Anangotambasula dzanja n'kudikira.