Ng'ombe Yong'ambika Khutu

A Mateyu Nyirenda a ku Embangweni anali munthu wokonda kuyankhula pagulu. Ukangowapatsa mpando ndi anthu owamvera, nkhuku zinkachita kulowa m'khola iwo asanafike pa mfundo yomaliza. Tsiku limene kampani ina yokonza nyama ku Lilongwe inabwera kudzaika zizindikiro pa ng'ombe za kalabu ya alimi, iwo monga wapampando anavala jekete n'kukhala pamthunzi ndi alendo, kutali ndi fumbi ndi ndowe. Ntchito yeniyeni inkachitikira kumusi ku dibi, koma a Mateyu kumeneko sanapondeko.

"Abale anga, kuba ng'ombe kwatha," anatero ataimirira. "Kachikasu akuboola pakhutuko kali ndi kachipangizo kochepa ngati njere ya mpunga. Kalibe batire, koma akangoyandikiza ndodo yawo ija kamayankha pamphepo ngati wailesi. Mbwenu foni imanena zonse: mwini ng'ombe, mudzi wake, katemera amene inalandira. Kuchoka m'khola, kukwera lole, kulowa pageti la fakitale, mpaka nyama itakulungidwa m'sitolo, adzadziwa kuti iyi ndi ya ku Mzimba, ya auje."

Anthu anawomba m'manja. Zimene ananenazo zinali zoona ndithu, kungoti mkuluyu ankadziwa theka lokha la nkhaniyo.

Chaka chotsatira mwana wawo Brandon, amene ankagwira ntchito ku Joni, anatumiza mawu kuti wapeza mbeta, Immaculate, mwana wa a Enos Tembo a ku Euthini. Akuchikazi anatchula ng'ombe zinayi za malowolo. A Mateyu, m'malo mopempha kuti achepetseko monga achitira anthu onse, anauza thenga kuti akayankhe kuti zinayi si nkhani. Munthu wodutsa pamudzipo akanavomereza, pakuti khola la pakati pa mudzi linali lodzaza. Koma kwawoko ng'ombe za banja lonse zimagona khola limodzi, m'manja mwa wamkulu, ndipo za a Mateyu enieni zoti n'kupereka zinali zitatu basi.

M'kholamo munali ng'ombe yaikazi yofiira, dzina lake Joni. Amene anaigula ndi mng'ono wawo, malemu Wilfred, atabwerako kumeneko, ndipo ndi chokhacho chooneka chimene anasiyira mkazi wake Eneless. Mkaka wa Joni ndi umene unkagula sopo ndi mchere kunyumba kwa mayi wamasiyeyo. Ndipo m'mawa uliwonse, akatha kukama, Eneless ankayamba wapatula kapu imodzi, n'kudzagwada pakhonde pa a Mateyu. "Alamu, wa tiyi," ankatero.

Satana salowa ndi ng'oma. Analowa mwa a Mateyu ngati nzeru yabwinobwino: ndingobwereka, fodya akagulidwa ndidzam'gulira ina yoposa iyi. Tsiku lina masana anapita okha kudambo, anapatula Joni, anadula kachikasu kaja ndi mpeni mpaka khutu linang'ambika, ndipo anakaisungitsa kwa mnzawo wina ku Edingeni. Kachikasuko anakaponya m'chimbudzi. Pamudzi anafika akupuma wefuwefu, akuti akuba a kutsidya kwa malire aitenga.

Eneless analira ngati Wilfred wamwaliranso. A Mateyu chinawapweteka, tisawanamizire, koma bodza likayamba limafuna kudyetsedwa. Pofuna kuti aoneke okhudzidwa, iwo omwe ndi amene anaperekeza mlamu wawo kwa mlangizi wa kalabu, n'kulamula ndi mawu aupampando kuti ng'ombe ya malemu ilowe m'makina kuti yabedwa. Patapita masabata angapo lole inatenga ng'ombe zawo zitatu, inadzera ku Edingeni kukakweza yachinayi, n'kulunjika ku Euthini. Zitatuzo anazisintha umwini m'makina bwinobwino. Za yachinayi anauza a Enos kuti ndi yogula kumene, sinaikidwe chizindikiro, ndipo khutu linakodwa mu waya.

Fodya anagulidwa, koma ng'ombe ya Eneless sinagulidwe. Panali feteleza, panali malata, panali ukwati wa Khirisimasi womwe unkayandikira.

Ndiye Lachisanu lina a Enos anaimbira foni a Mateyu, n'kuwatchula monga amatchulirana makolo a ana okwatirana. "Asebele, mawa ndili pa boma, ndikugulitsa ng'ombe imodzi kuti tigulire mwana ziwiya. Bwerani tikambirane za ukwati."

A Mateyu anasita jekete. Pa matola yopita ku Mzimba anapezana ndi Eneless, dengu la tomato lili pamiyendo. Chitayikireni ng'ombe, mayiyo ankapikula tomato kumadimba n'kukagulitsa kumsika wa pa boma, kuchoka m'mawa kubwera nkhope ili mbuu. Anawasunthira malo ndi ulemu wonse. A Mateyu ulendo wonsewo anayang'ana minda ya anthu ngati akufuna kuigula.

Kuseri kwa msika kunali mpanda wa a Rajabu, mkulu wachisilamu wa ndevu zoyera amene ankagula ng'ombe, zina kupha pa butchala yake, zambiri kukweza lole ya kufakitale. A Enos anali atafika kale, mkulu wa mpingo wowonda, wofatsa, chipewa m'manja. Anakumbatirana, anafunsana za kunyumba. Kenako a Mateyu anaponya maso kumpanda. Mwa zinayi zonse, a Enos anasankha yofiira yong'ambika khutu.

A Mateyu anadzilimbitsa mtima. Kachikasu kali pansi pa chimbudzi, kayankha bwanji kali kumeneko?

"Iyi ilibe chizindikiro," anatero a Rajabu. "Palibe vuto, timaika chatsopano. Koma tiyambe taifunsa kaye, fakitale salandira ng'ombe yopanda mbiri."

Anatenga ndodo yakuda yotalika ngati mkono n'kuidutsitsa pakhutu. Zii. A Mateyu anapumira m'mwamba. Koma a Rajabu sanaime pomwepo. Anazungulira kumanzere kwa ng'ombe, anawerama, n'kuyendetsa ndodo ija chakumimba, kuseri kwa mwendo wakutsogolo. Ndodo inalira, tii! Foni ya m'thumba la malaya inalira nayonso.

"Chikulira n'chiyani pamene khutu lili lopanda kanthu?" anafunsa a Mateyu.

"Si inu apampando a ku Embangweni?" anatero a Rajabu modabwa. "Ng'ombe za kalabu yanu zinalandira ziwiri. Chapakhutu ndi cha maso a anthu. China anazimezetsa, kamwala koyera konga chala chachikuluchi. Kamakhala m'mimba mpaka tsiku la mpeni."

Pamene ng'ombe zinkameza timiyalato ku dibi, apampando anali pamthunzi akumeza mpunga wa nkhuku ndi alendo.

A Rajabu anayang'ana foni, nkhope inasintha. Anawerenga mokweza, monga munthu amene sakufuna kuti mlandu um'gwere: "Mwini wake Eneless Nyirenda, ya malemu Wilfred Nyirenda, Embangweni. Yobedwa." Anatembenukira kwa a Enos. "Bambo, ng'ombeyi mwaitenga kuti?"

Pamsika mawu oti kuba amathamanga kuposa njinga yamoto. Posakhalitsa mpanda unazingidwa ndi akabaza, ogulitsa kanyenya ndi amayi a madengu. Wina anakuwa kuti akulu a mpingo ndiwo akuba enieni masiku ano. Wina anati aitane apolisi, wina anati apolisi achedwa. Dzanja lina linagwira kolala ya a Enos, chipewa chinagwa m'fumbi.

"Asebele," anatero a Enos, maso ali pa a Mateyu, "auzeni anthuwa. Ng'ombe iyi ndi ya malowolo, inachoka m'manja mwanu."

Munthu uja woyankhula mpaka nkhuku kulowa, lilime linauma gwa. Ankaona zonse poyera: akavomera, ukwati wa Brandon wathera pomwepa, pamaso pa akabaza, akakhala chete, nkhalamba yosalakwa ikagona m'chitokosi, mwinanso isanafikeko n'komwe. Manyazi anawagwira kuyambira kumapazi. Ndipo chimene chinatuluka pakamwa pawo n'chimene chinawapweteka kwambiri pambuyo pake.

"Makinawa," anatero, "nthawi zina amalakwitsa."



"Musiyeni mkuluyo," anakalipa a Rajabu. "Pampanda panga samenyerapo munthu. Nambala ya mwini ng'ombe ili pompa, tiimbe."

Sipanatenge nthawi. Eneless anatulukira pakati pa anthu, manja ali ofiira ndi tomato, chitenje atachimangira m'chiuno. Atangoona ng'ombeyo anaima chilili.

"Joni," anaitana motsitsa.

Ng'ombe inatukula mutu, inalira, n'kukoka chingwe mpaka mtengo wa mpanda unagwedera. Eneless anaigwira pakhosi, anaisisita pamphumi, kenako zala zake zinafika pa khutu long'ambika lija. Analitembenuza. Waya sadula mowongoka choncho, ndipo mayi wa kumudzi amadziwa bala la mpeni. Anayang'ana a Enos, amene ankawadziwa ndi dzina lokha. Anayang'ana lole imene inabweretsa ng'ombeyo kuchokera ku Euthini. Pomaliza anayang'ana alamu ake, ndipo a Mateyu anaona kuti wamvetsa zonse. Analakalaka nthaka itang'ambika.

Eneless anagwada m'fumbi momwemo, monga achitira mkazi wa kwawo poyankhula ndi akuluakulu.

"Adada, pepani chomene," anauza a Rajabu. "Ng'ombe ndi yanga. Inasowa, inde, koma inapezeka. Ndinaipereka ndekha kwa alamu anga kuti ithandize malowolo a Brandon, poti Brandon ndi mwana wanganso. Kukauza alangizi kuti yapezeka ndi kumene ndinaiwala. Kulakwa ndi kwanga. Adada awa asiyeni, alibe mlandu."

Anthu anang'ung'udza mokhumudwa, poti ankayembekezera zambiri. Wina anati azimayi kuiwala ndiye ntchito yawo. Pang'onopang'ono anabalalika. A Mateyu anamva mawu amenewo, mayi wamasiye akunyozedwa chifukwa cha iwo. Eneless akanawatukwana, akanawalavulira, bwenzi zili bwinoko.

A Rajabu anali munthu woona zambiri. Sanafunsenso kanthu. "Mayi, mukauze alangizi anu akonze," anatero. "Ine ng'ombe iyi sindigula lero."

A Enos anatola chipewa chawo, anachikuntha pabondo. Anamasula okha chingwe pamtengo, n'kuchiika m'manja mwa Eneless.

"Amama, imirirani. Yewo chomene, mwandichotsa m'kamwa mwa anthu. Koma kwathu ku Euthini ng'ombe ya mayi wamasiye sitidya, ngakhale ataipereka akuseka. Lole imene yabwera nayo ikakutulani pakhomo."

Kenako anatembenukira kwa a Mateyu, ndipo anayankhula motsitsa kuti asamve wina.

"Ukwati uli pomwepo, ana sanalakwe. Zitatu zija zakwana, asebele. Zinali zokwana kuyambira pachiyambi. Mukanangonena."

Pobwerera, woyendetsa lole anatsegulira Eneless chitseko cha kutsogolo. Malo analipo a munthu wina, koma a Mateyu anakwera kumbuyo. Anayenda msewu wonse wa ku Embangweni ataimirira pambali pa Joni, jekete yositasita ikupakika ndowe, ng'ombe ikubzikula pafupi ndi khutu lawo.

Anafika dzuwa likupendeka, ng'ombe zina zikulowa. Mudzi wonse unathamangira lole, amayi akululuta kuti yotayika yapezeka. Mkazi wa a Mateyu anafunsa kuti yapezeka kuti, Eneless anangoti, "Pa boma." A Mateyu anafulumira kukachotsa mitengo ya pakhomo la khola, n'kuima pambali kuti ng'ombe ilowe.

Eneless sanakhote. Anadutsa pakholapo chingwe chili m'manja, anadutsa nkhokwe, n'kukamangirira Joni pa mtengo wa mango wa pakhomo pake. Nthungululu zinazima. Chikhalireni mudziwo, ng'ombe ya banja inali isanagonepo kunja kwa khola la wamkulu. Palibe anafunsa chifukwa chake. Anthu anangoyang'ana ng'ombe, anayang'ana a Mateyu ali chiimire ndi mtengo m'manja, ndipo aliyense anakumbukira kuti ali ndi ntchito kunyumba kwake.

Mtengo wa mangowo unayang'anizana ndi khonde la a Mateyu. Anaiona ng'ombeyo m'mawa uliwonse miyezi yonse imene inatsala kuti ibereke, poti inabwerako ku Euthini ili ndi bere. Upampando anausiya okha, akuti maso ayamba kuvuta. Ukwati unachitika, ndipo anthu anadabwa kuti bambo a mkwati anayankhula mawu ochepa chonchija.

Joni itabereka, m'mawa wina a Mateyu anamva mapazi pabwalo. Anali Eneless, kapu m'manja. Anagwada pakhonde pamalo pake pakale, n'kuika kapuyo pafupi ndi phazi lawo.

"Alamu, wa tiyi."

"Mulamu," anayamba a Mateyu, "ng'ombe ija ndine..."

"Ndikudziwa," anatero Eneless. "Imwani usanazizire."

Anadzuka n'kubwerera kwa ng'ombe yake. A Mateyu ananyamula kapu ndi manja awiri, ndipo mkakawo unali wofundabe.