Kaputeni Anasankha Mlamu Wake

Kaputeni anafika kwa mlongo wake atavula yunifolomu, ngati kuti malaya wamba angamubise. Anamupeza kuseri kwa nyumba akuchapa zovala za ana. Mayiyo sanamupatse mpando, ndiye anangokhala pa chidebe.

Akuluakulu a usilikali anali atanena kale zawo: mwamuna wa mayiyo anafa ngati ngwazi, akutchinga adani pamlatho kuti anzake athawe ndi ovulala. Mawu okoma, koma ana sadya ungwazi. Mayiyo ankafuna kumva chimodzi basi: mwa asilikali onse aja, n'chifukwa chiyani anatsala wake?

Kaputeni anayamba kuzungulira. Anafotokoza za malole awiri okha omwe ankayenda, za zipolopolo zomwe zinkatha, za wailesi yomwe inangoti zii. Anati pankafunika anthu atatu otsala ndi mfuti yaikulu, ndipo aliyense ankadziwa kuti otsalawo sabwerako.

"Achimwene, bambo a ana angawa ankaposa anzawo kuwombera?"

"Ayi."

"Munthu woti khoswe m'nyumba muno ankamuphonya ndi tsache. Munawasankhiranji?"

Kaputeni akanatha kunama, pakuti ntchito yawo imaphunzitsa bwino zimenezo. Koma uyu ndi amene anamulera mayi awo atamwalira, ankadziwa bodza lake lisanatuluke pakamwa.

"Onse maso anali pa ine, achemwali. Ndikanawakweza m'lole, akanati ndapulumutsa mlamu wanga, palibe akanandimveranso. Ndiye ndinayamba kutchula iwowo, kuti awiri enawo asakane."

"Iwo anati chiyani?"

"Anaseka. Amvekere, 'Alamu, mukanandiuza kale kuti kukwatira kwanu n'kodula chonchi.'"

Mayiyo anafinya kabudula wouma kale, n'kumufinyanso.

"Ndiye kuti akanakwatira kwina, lero bwenzi ali moyo."

Kaputeni anafuna kunena za anthu onse omwe anafika kwawo chifukwa cha atatu aja. Zinali zoona, mpaka lero amazibwereza yekha pometa ndevu. Koma anangopempha kuti awaoneko ana.

Mlongo wake anamuuza kuti ana ali kusukulu, ndipo akaweruka awauza kuti amalume awo akadali kunkhondo.

"Pitani kwa akazi a amene munawapulumutsawo, akakupatseni madzi akumwa. Yendani bwino, bwana."

Anatsanulira madzi a sopo pansi. Kaputeni anaimirira, n'kudzera m'mbali mwa nyumba, chifukwa chitseko chinali chokhoma.